Qur'an ikuti "mu", omasulira alemba "pa": kodi analakwitsa? Yankho pa timawu ta fii, alaa, an ndi bi

M'bale wathu wina amene amaphunzitsa ana ku madrasa madzulo wafunsa motere: "Shehe, ife tinaphunzira kuti fii ndi mu, alaa ndi pa. Nanga bwanji mu Surat Twaha ndime 71 Farawo akuti fii judhuu'in-nakhl, koma omasulira akulemba kuti ndikupachikani PA mathunthu a kanjedza? Analakwitsa, kapena timawuti timangosinthanasinthana? Ndipo ngati timasinthana, munthu angadziwe bwanji?"

Walaikum salaam m'bale wanga. Sanalakwitse ayi, koma pali kanthu kena kamene kanatsala m'njira, ndipo funso lanuli ndi lomwe akatswiri a galamala ya Chiarabu a ku Basra ndi a ku Kufa, mizinda iwiri ya ku Iraq, anakokana nalo zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndiye musadzione ngati mwafunsa zachibwana.

Timawuti pa Chiarabu timatchedwa huruuful jarr, amene anadutsa mu Ajrumiyya, kabuku koyambira galamala ya Chiarabu, akukumbukira mndandanda uja timaloweza ngati nyimbo, min, ilaa, an, alaa, fii, rubba, bi, ka, li. Pamenepo mwana amapatsidwa tanthauzo limodzi pa kamawu kalikonse ndipo ndi bwino kuyamba choncho. Koma mukafika pa Mughni al-Labib, buku la Ibn Hisham wa ku Egypt amene anamwalira mu 1360, mupeza kuti bi yekha wamuwerengera matanthauzo 14, min 15, fii 10, li mpaka 22. Anthu ambiri akaona manambala amenewa amangogwa ulesi nkumati basi chilichonse chimatanthauza chilichonse, fii ndi alaa, alaa ndi fii, tiyeni nazo. Chizolowezi chimenechi ndi chimene ndikufuna tichisiye, chifukwa chimatha kusandutsa ndime yamoyo kukhala ngati kalata ya ku ofesi.

A ku Kufa, gulu la al-Farra amene anamwalira mu 822, ndi enanso ngati Ibn Qutayba, ankati kamawu kena kamatha kuima m'malo mwa kanzake, Aarabu amayankhula choncho, nkhani yathera pomwepo. A ku Basra, otsatira njira ya Sibawayh, katswiri wamkulu wa galamala wa kumeneko, ankakana, amati kamawu sikataya tanthauzo lake la pachiyambi, ukakaona pamalo pachilendo ndiye kuti pali chimodzi mwa ziwiri, kaya pali fanizo limene likujambulidwa, kaya mneni amene ali pambali pakeyo wameza tanthauzo la mneni wina, zomwe amazitcha tadhmiin. Ibn Jinni, wa zaka za m'ma 900 mochedwa uja, anayesa kuima pakati, anati inde kamawu kena kamabwera pamalo pa kanzake koma osati paliponse pomwe wafuna, pamakhala chifukwa chake. Ine pa ntchito yomasulira ndimapendekera ku Basra, osati chifukwa a ku Kufa ananama, koma chifukwa njira yawo imakuuza zoti ulembe chiyani basi, siikufunsa kuti nanga bwanji Allah sanangonena alaa poti mawuwo analipo.

Tsono tiyeni pa ndime yanuyo. Amatsenga a Farawo aona ndodo ya Musa yameza zingwe ndi ndodo zawo, agwa nkusujudu, alengeza kuti akhulupirira Mbuye wa Haruna ndi Musa. Farawo wapsa mtima pamaso pa khamu lonse, akuti mwamukhulupirira ndisanakuloleni, ndikudulani manja ndi miyendo mosemphanitsa, ndipo ndikupachikani fii mathunthu a kanjedza. Chiopsezo chomwechi chikupezekanso mu Surat A'raf ndime 124 ndi Shu'araa ndime 49, koma kumeneko akungoti ndikupachikani nonse, mathunthu sakutchulidwa, ndi mu Twaha mokha momwe tikuuona mtengowo. Zamakhshari, mwini tafsiri (buku lofotokozera Qur'an) ya al-Kashshaf amene anamwalira mu 1144, anati kukhazikika kwa munthu wopachikidwa pa thunthupo kwafaniziridwa ndi kukhazikika kwa chinthu chimene chaikidwa mkati mwa chotengera chake. Ndiye kuti Farawo sakunena zongowakoloweka ngati jekete pa msomali, akunena zowamanga zolimba, thupi nkukanirira ku mtengo mpaka kukhala ngati lalowamo, osatsikanso. Fii uja ndi amene wanyamula nkhanza zonsezo.

Chosangalatsa nchakuti ife a Chichewa izi siziyenera kutidabwitsa nkomwe. Timati mwana wakwera mumtengo, nyani ali mumtengo, palibe amene amaganiza kuti mwanayo ali mkati mwa thabwa. Timati galimoto zili mumsewu, ndipo Qur'an ikamati siiruu fil ardh ife timangoti yendani m'dziko, sitikhumudwa paliponse, pomwe omasulira m'Chingerezi amayamba kuvutika kuti alembe chiyani. Vuto pa ndime ya Twaha ndi mawu oti thunthu, ukati m'mathunthu wowerenga aona mphako, aganiza kuti anawalowetsa m'mphako. Ndiye womasulira amene walemba pa mathunthu wapulumutsa wowerenga ku chithunzi cholakwika, watayapo kulimba kuja. Ine ndikanakhala ndikumasulira ndikanasiya pa yemweyo koma mphamvu ya fii ndikanaisamutsira mu mneni, ndikukhomererani pa mathunthu a kanjedza, kapena ndikupachikani mokukanikizirani ku mathunthu. Kamawu kakakanika kuwoloka, katundu wake amusenze mneni.

Koma pali malo ena pomwe pa ndi mu wathu amagwira ntchitoyo bwinobwino ndipo kuwataya ndi kuluza kwaulere. Onani Surat Saba ndime 24, wa innaa aw iyyaakum la'alaa hudan aw fii dhalaalin mubiin, ndithu ife kapena inu tili PA chiongoko kapena MU kusokera koonekera. M'chiganizo chimodzi chomwecho chiongoko chapatsidwa alaa, kusokera kwapatsidwa fii, ndipo si pano pokha, kumayambiriro kwa Baqara ndime 5 akuti ulaa'ika alaa hudan, ndipo fii dhalaal mumupeza malo ambirimbiri. Zamakhshari yemweyo anafotokoza kuti mwini choonadi ali ngati munthu amene wakwera hatchi yothamanga, akuiyendetsa komwe akufuna, pomwe wosokera ali ngati wamira mumdima, wasokonezeka, sakudziwa kolowera. Wina ali pamwamba akuona kutali, wina wazingidwa mbali zonse. Ndiye ndikaona munthu wamasulira kuti "ife kapena inu ndi oongoka kapena osokera" ndimamva kuwawa ndithu, tanthauzo lafika inde koma chithunzi chonse chafufutika, chikhalirecho chiyankhulo chathu chili ndi zida zake zokwanira, timanena kale kuti ali pa ulendo, ali pa mtendere, ali m'mavuto, ali mumdima. Chimodzimodzi Surat Qalam ndime 4 pomwe Mtumiki (SAW) akuuzidwa kuti wa innaka la'alaa khuluqin adhiim, uli pa khalidwe lalikulu, wakhazikikapo, si kungoti uli nalo.

Musathamangire kunena kuti ndiye alaa nthawi zonse ndi ulemerero. Chinthu chikakhala pamwamba pako chimathanso kukhala katundu wokupsinja. Mwarabu akafuna kunena kuti wina ali naye ngongole amati lii alayhi dayn, ngongoleyo ili kwa ine ngati phindu, ili pa iye ngati mtolo. Kumapeto kwa Baqara ndime 286, lahaa maa kasabat wa alayhaa maktasabat, palibe mawu oti zabwino kapena zoipa m'Chiarabumo, li ndi alaa ndi amene akutiuza kuti zoyambazo nzomupindulira, zachiwirizo nzomugwera. Ukamasulira liwu ndi liwu kuti "kwa iye zomwe wapeza ndipo pa iye zomwe wapeza" palibe amene amva, apa ndiye womasulira ayenera kutulutsa poyera zomwe timawuto tabisa, zabwino zomwe wachita nzake, zoipa zomwe wachita zili pamutu pake.

Ina imene ndimaikonda ndi ya Mutwaffifiin ndime 2, alladhiina idhaktaaluu alan-naasi yastawfuun. Mwa chizolowezi munthu amayeza zinthu kuchokera KWA anthu, timayembekezera min, koma ndimeyi yaika alaa. Aliyense amene anagulitsako chimanga kwa mavenda ena aja nthawi yokolola akudziwa chomwe alaa ameneyu akunena, ndowa yake yogulira ndi yofutukuka m'mbali, akuigwedeza, akutsendera ndi dzanja, akuunjika mpaka kamphiri pamwamba, iwe uli chiimire ndi thumba lako sungayankhule poti ndalamayo ukuifuna lero lomwe, koma pofika Januwale iwe ukamakagula kwa iyeyo ndowa ija yasintha, yabwera yophwanyika pansi. Kuyeza kwake ndi kokukwera, kokupondereza. Nde kungolemba kuti "akamayeza kwa anthu amafuna zodzaza" nzoona koma nzozizira, kuli bwino pakhale kamawu kosonyeza kupsinja, akamadziyezera za anthu amawapanikiza kuti zidzaze.

Kamawu kamene kamativuta kwambiri ife ndi an, chifukwa Chichewa chilibe liwu limodzi loimira iye. An amasonyeza kuchoka, kutalikira, kupatuka. Surat Maa'uun ndime 4 ndi 5 ikuti tsoka kwa oswali, alladhiina hum an swalaatihim saahuun (swalaatihim ndi swala zawo, saahuun ndi oiwala). Ibn Kathir mu tafsiri yake anabweretsa mawu a Ata ibn Dinar othokoza Allah kuti ananena an swalaatihim, sananene fii swalaatihim. Bwanji kuthokoza? Chifukwa akanati fii, tsokalo likanagwera aliyense amene amaiwala ali mkati mwa swala, ndipo ndani amene sanaimepo pa rakaa yachitatu nkumadzifunsa kuti kodi iyi ndi yachitatu kapena yachinayi? Mtumiki (SAW) mwini wake anatsiriza swala ya rakaa zinayi pa ziwiri mpaka swahaba wotchedwa Dhul Yadayn anamufunsa ngati swala yafupikitsidwa kapena waiwala, hadith yake ili mu Bukhari ndi Muslim, ndipo ndi umodzi mwa maumboni a sijida ya kuiwala. Tsoka lili kwa amene atalikirana nayo swalayo, amaichedwetsa mpaka nthawi kutha, alibe nayo ntchito. Tsono womasulira akalemba kuti "amene amaiwala pa swala zawo" waopseza agogo osalakwa amene amangosokoneza marakaa, koma akalemba "amene amanyalanyaza swala zawo" walasa. Apanso mukuona kuti an sanamasuliridwe ndi kamawu, walowa mu mneni kunyalanyaza.

Za tadhmiin ndinatchula zija, chitsanzo chophweka ndi Surat Insaan ndime 6, aynan yashrabu bihaa ibaadullah. Kumwa timamwa KU kasupe, min, koma pabwera bi. A ku Kufa amati bi apa ndi min basi. A ku Basra amati yashrabu, kumwa, wameza tanthauzo la yarwaa, kukhuta madzi ludzu nkutheratu, ndipo mneni ameneyo ndi amene amayenda ndi bi, ndiye liwu limodzi lanyamula zonse ziwiri, akumwa komanso akupha nalo ludzu. Pa Chichewa timawu ta nawo, nalo timathandiza kwambiri, kasupe amene akapolo a Allah adzamwako nkupha naye ludzu. Ina ndi ya Nisaa ndime 2 yokhudza chuma cha ana amasiye, wa laa ta'kuluu amwaalahum ilaa amwaalikum, kudya chuma KU chuma chanu sizimveka, koma ukadziwa kuti kudyako kwameza kuphatikiza ndiye ukumuona bwinobwino woyang'anira masiye akukokera mbuzi za mwanayo m'khola lake kuti mawa pasadzapezeke wosiyanitsa.

Li nayenso ali ndi msampha wake umodzi woti ndiutchule. Surat Qaswas ndime 8 ikuti banja la Farawo linamutola Musa liyakuuna lahum aduwwan wa hazanan. Ukamasulira kuti anamutola KUTI akhale mdani wawo, wa Chichewa amva cholinga, ndipo afunsa kuti ndani amatola mwana ndi cholinga choti adzamusowetse mtendere? Ndime yotsatira yomweyo mkazi wa Farawo akuti musamuphe, mwina atithandiza kapena timuyesa mwana wathu. Ndiye ambiri amati uyu ndi li wa mathero, anamutola, mapeto ake nkudzakhala mdani. Ibn Kathir anaonjezera kuti ukayang'ana mbali ya chikonzero cha Allah li uja akhalabe wa cholinga, Allah anawatoletsa mwanayo kuti zidzathe choncho. Zonse ziwiri zili mu kamawu kamodzi, ndipo Chichewa chikukakamiza kusankha, ine ndimalemba za mathero m'ndimemo, zinazo nkuzifotokoza m'munsi mwa tsamba.

Pomwe ndimafuna womasulira agwire mtima kwambiri ndi pa ndime za malamulo, chifukwa apa kamawu kamodzi kamagawa madhihabu, magulu a kamvedwe ka malamulo a Chisilamu. Ndime ya wudhu, Maa'ida 6, ikuti wamsahuu biru'uusikum. Kumaso ndi mikono kwanenedwa mwachindunji, sambitsani nkhope zanu, koma pa mutu pabwera bi. Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri kuno kwathu ndi kugombe la kummawa kwa Africa amatsatira, anati kupaka gawo la mutu kwakwanira. Imam Malik anati mutu wonse, ndipo ndi zomwenso zimadziwika kwa Imam Ahmad. A Hanafi anati kota ya mutu, potengera hadith ya Mughira ibn Shu'ba yoti Mtumiki (SAW) anapaka tsitsi la kutsogolo kwa mutu ndi pa nduwira. A mutu wonse nawo ali ndi hadith ya Abdullah ibn Zayd yoti anayendetsa manja kuchokera kutsogolo mpaka kunkhongo nkubwereranso. Ngakhale akatswiri a galamala eni ake anasiyana ngati bi amatha kutanthauza gawo la chinthu kapena amangosonyeza kukhudzana basi. Tsono taonani zomwe zimachitika, ukalemba "pakani mitu yanu" waimira Malik osadziwa, ukalemba "pakani mbali ya mitu yanu" walowetsa fiqh (kamvedwe ka malamulo) ya Shafi'i mkati mwa Qur'an ngati kuti ndi mawu a ndimeyo. Mwayi wathu ndi pa uja, "pakani madzi pamitu panu", wasiya chitseko chotsegula monga momwe Chiarabu chachisiyira, munthu akhoza kupaka pamutu ponse kapena penapake. Ndi zomwe ndingasankhe, ndipo mkanganowo upite m'munsi.

Ilaa wa m'ndime yomweyo savuta kwenikweni poti mpaka wathu ali ndi khalidwe lofanana naye. Ilal maraafiq, mpaka m'zigongono, ma ulamaa ochuluka amati zigongonozo zisambitsidwe nazo, pomwe mu Baqara 187, kwaniritsani kusala ilal-layl, mpaka usiku, usikuwo sulowa nawo, dzuwa likangolowa mwamasula. Kamawu kamodzi, kwina malire alowa kwina sanalowe, chimene chagamula ndi Sunnah osati dikishonale.

Ya zakaat, Tawba ndime 60, ndi imene ambiri saiona nkomwe. Magulu ndi 8, koma anayi oyamba, mafukara, masikini, ogwira ntchito yotolera ndi owalimbitsa mitima, abwera ndi li, kenako mwadzidzidzi ndime yasintha nkuyamba fii, fir-riqaab (kuombola akapolo), ndi fii sabiilillah (njira ya Allah). Zamakhshari anaona kuti fii akusonyeza kuti omalizawa ndi okhazikika kwambiri pa kuyenera kwawo, ngati chotengera chomwe zakaat ikuthiridwamo. Ena monga Razi anati oyambawo amapatsidwa m'manja chikhale chawo achite nacho chomwe afuna, pomwe enawo chumacho chimalowa mu vuto lawolo, kuombola kapolo, kubweza ngongole. Ukangoti zakaat ndi ya awa ndi awa ndi awa mpaka 8, ya mmodzi yemweyo, kusinthako kwasowa. Nzotheka kulemba kuti ndi ya osauka, kenako nkusintha kuti ndi yogwiritsa ntchito pa kuombola akapolo, wowerenga watcheru aona kuti pasintha chinachake.

Mwafunsa kuti munthu angadziwe bwanji. Yambani ndi mneni, dzifunseni kuti mneni ameneyu masiku onse amayenda ndi kamawu kati, mukapeza kuti wabwera ndi kachilendo imani pomwepo, musathamangire kukasintha. Kenako fufuzani malo ena mu Qur'an pomwe nkhani yomweyo yanenedwa, pa foni masiku ano nzosavuta, mapulogalamu ambiri amakulolani kusaka liwu. Mukatero tsegulani tafsiri zomwe zimasamala za chiyankhulo, al-Kashshaf, al-Bahr al-Muhit ya Abu Hayyan, kapena al-Tahrir wa al-Tanwir ya Ibn Ashur wa ku Tunisia amene anamwalira mu 1973, kungoti pa al-Kashshaf dziwani kuti mwini wake anali wa gulu la Mu'tazila, losiyana ndi Asunni pa chikhulupiriro, pa balagha (luso la kayankhulidwe) ndi katakwe koma pa nkhani za aqida (chikhulupiriro) muwerengeni muli maso. Kwa ana anu a ku madrasa musawasenzetse zonsezi, apitirize kuloweza kuti fii ndi mu, koma tsiku lina alembereni Saba 24 pa bolodi muwafunse okha kuti bwanji uku pa, uku mu.

Ndipo poti mwayamba kale kufunsa za fii ndi alaa, posachedwa mukumana ndi Surat Mulk ndime 16, a'amintum man fis-samaa (kodi simukumuopa amene ali fii samaa, samaa ndi thambo kapena kumwamba), ndi Twaha ndime 5, ar-Rahmaanu alal arshistawaa (Wachifundo chambiri wakhazikika pa Arsh, Mpando wachifumu), ndime zomwe zimautsa mikangano m'magulupu a WhatsApp mpaka anthu kutulutsana. Pa ya Mulk ena amati fii ndi alaa, pamwamba pa thambo, ndipo umboni wawo ndi ndime yanu ya mathunthu a kanjedza yomweyi, ena amati samaa apa ndi kumwamba kulikonse osati thambo lolengedwa, enanso amati akunenedwa ndi ulamuliro wake kapena angelo ake. Palibe mwa iwo amene amati Allah wazingidwa mkati mwa thambo ngati madzi mumtsuko, choncho "amene ali m'thambo" ndi kumasulira komwe ndingakukanizeni, pomwe "amene ali kumwamba" kumayenda bwino chifukwa ku wathu saika makoma. Pa ya Arsh, Imam Malik atafunsidwa kuti anakhazikika motani anayankha kuti istiwaa, kukhazikikako, ndi yodziwika, kachitidwe kake nkosadziwika, kukhulupirira nkokakamizidwa ndipo kufunsa zimenezo ndi bid'a, chinthu chopeka m'chipembedzo. Apa ine sindisamutsira chilichonse mu mneni ngati ndinachitira pa Farawo paja, sindionjezera liwu lofotokozera ngakhale limodzi mkati mwa ndime, ndimalemba pa Arsh monga momwe zilili, maganizo a magulu onse nkuwaika m'munsi ndi maina a eni ake. Wallahu a'lam.